Mwana wa mng'ono wanga wabadwa wachialubino, bambo ake akumukana. Ndikanene chiyani kwa ankhoswe?

NaBanda_Chikanda
Abale anga, ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Mng'ono wanga amakhala kumudzi kwathu cha ku Jali. Masabata atatu apitawa wachira, Mulungu wamupatsa mwana wamkazi. Mwanayo ndi woyera kwambiri, tsitsi lachikasu ngati ndevu za chimanga chanthete, nsidze nazo zoyera. Anamwino anamuuza kuti ndi wachialubino. Ana awiri oyamba ndi akuda ngati ife tonse.

Mlamu wanga atangomuona anatuluka osanena kanthu. Pano wanyamula zovala zake wabwerera kwa makolo ake ku Songani, akuti mwana si wake chifukwa "kwathu kulibe zimenezi". Kwathunso kulibe, ndafunsa mpaka agogo. Loweruka lino ankhoswe akukumana, ndipo atsibweni akuti ndikakhalepo poti ndine amene ndinapitako patsogolo ndi sukulu. Kodi zimatheka bwanji kuti anthu awiri akuda abereke mwana wotere? Ndikufuna ndikalankhule zomveka. Mng'ono wanga sakudya.

Che_Songani
Pepani achemwali, koma musathamange. Ana ambiri amabadwa oyera kenako amada. Wanga woyamba anabadwa woyera anthu mpaka kunong'onezana, lero ndi wakuda bii. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Namwino_waMatawale
@Che_Songani ndi zoona kuti makanda ambiri amabadwa oyererako n'kumada m'miyezi yoyamba. N'chifukwa chake azigogo amayang'ana nsonga za makutu kuti adziwe mmene mwana adzadere. Koma ana amenewo amabadwa ndi tsitsi lakuda. Apa akunena tsitsi lachikasu ndi nsidze zoyera, ndipo achipatala amuona kale. Tikawauza kuti adikire adzada, mwanayo akhala akupsa ndi dzuwa podikirapo.

Bambo_Mpondabwino
Ine ndinene mosabisa, ndikanakhala mwamunayo ndikanakayikanso. Ukadzala chimanga sukolola mapira. Akayezetse DNA nkhani ithe.

Mphunzitsi_waDomasi
Achemwali a ku Chikanda, choyamba tithokoze kuti mng'ono wanu wachira bwino ndipo mwana ali moyo. Ine ndimaphunzitsa Bayoloje ku sekondale, ndiye ndifotokoza mmene ndimafotokozera ana a Fomu 4.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timati maselo. Mkati mwa selo muli malangizo a mmene munthu adzakhalire, olembedwa pa DNA. DNA imeneyo inamangidwa m'mitolo 46 yotchedwa ma chromosome. Mitolo 23 imachokera m'dzira la mayi, 23 inayo m'mbewu ya bambo. Choncho langizo lililonse timakhala nalo pawiri, lina la kuchikazi, lina la kuchimuna. Malangizo amenewa ndi amene timati majini.

Kuda kwathuku kumabwera ndi utoto wotchedwa melanin, umene maselo ena a pakhungu amapanga. Munthu wachialubino maselo amenewo ali nawo ochuluka ngati ine ndi inu, kungoti langizo lopangira utotowo silikugwira ntchito. Mtundu umene wafala kuno ku Africa umatchedwa OCA2, ndipo langizo lake lili pa mtolo wa nambala 15.

Tsono pagona nkhani ndi apa. Ngati mwa malangizo awiri aja limodzi lili bwino, limakwanira kudetsa thupi lonse. Munthuyo amakhala wakuda, sadwala, sadziwa n'komwe kuti wanyamula lina losagwira. Amapatsira mwana wake, mwanayo n'kupatsira wake, mibadwo n'kumapita osaonekera. Limadzaonekera tsiku limene anthu awiri onyamula akwatirana, mwana n'kulandira losagwira kwa mayi, losagwiranso kwa bambo. Ndiye mawu akuti "kwathu kulibe" sangaime. Mwanayu sakanabadwa chonchi bambo ake akanapanda kuperekapo mbali yawo. Mayi yekha sangathe.

Abiti_Chinamwali
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma chonde mawu akuti majini asakatuluke pamaso pa ankhoswe. Kwathu kuno majini ndi zija zimagwira munthu n'kumamugwetsa. Akulu a ku Songani akangomva kuti mwana wabadwa chonchi chifukwa cha majini, basi mwawapatsa chimene amafuna.

Mphunzitsi_waDomasi
@Abiti_Chinamwali mwanditsegula maso amayi, m'kalasi ndinazolowera. Akanene kuti "malangizo a chibadwa", kapena kungoti "za m'magazi" monga amanenera akulu, ngakhale kwenikweni malangizowo sali m'magazi mokha, ali m'thupi lonse.

Bambo_Mpondabwino
Chabwino aphunzitsi. Nanga ana awiri oyambawo bwanji ali akuda, makolo ali omwewo?

Mphunzitsi_waDomasi
Funso labwino bambo, ndipo lidzafunsidwa Lowerukalo. Achemwali, chitani izi kunyumba musanapite. Tengani makapu awiri. M'kapu iliyonse ikani nyemba imodzi yofiira ndi imodzi yoyera. Kapu ina ndi mayi, ina ndi bambo. Yofiira ndi langizo logwira, yoyera ndi losagwira. Tsinzinani, tolani imodzi uku, imodzi uko. Zikatuluka zofiira zonse, mwana wakuda wosanyamula kanthu. Yofiira ndi yoyera, mwana wakuda koma wonyamula ngati makolo ake. Zoyera zonse, mwana wachialubino. Bwezerani nyembazo, bwerezani ka 40 mukulemba. Mudzaona zoyera ziwiri zikutuluka pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse.

Koma nyemba sizikumbukira zimene zinatuluka poyamba. Mimba iliyonse imayamba payokha. Banja lina limabereka ana 6 onse akuda, lina awiri otsatizana achialubino, makolo onyamula chimodzimodzi.

Izi sizinayambe dzulo. Wansembe wina, Gregor Mendel, anakhala zaka zambiri akukwatitsa nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe ku Brno, dziko limene lero ndi Czech Republic. Anakwatitsa ya maluwa ofiirira ndi ya maluwa oyera, ana onse anatuluka ofiirira, kuyera kuja kunasowa. Atadzalanso mbewu za ana amenewo, 705 zinachita maluwa ofiirira, 224 oyera. Kuyera sikunafe, kunangobisala m'badwo umodzi. Anasindikiza zimenezi mu 1866, anthu sanazilabadire mpaka 1900 iye atamwalira kale.

Mlimi_waThondwe
Zimene akunena aphunzitsizi ndinaziona ndi maso anga. Ndimaweta akalulu. Ndinagula awiri otuwa, wamkazi ndi wamwamuna. Ataswa ana 7, awiri anali oyera mbee, maso ofiira. Khola langa ndi la m'mwamba, lotseka ndi waya, palibe kalulu wina analowamo. Mwamuna anali yemweyo mmodzi.

Ngakhale chimanga cha hybrid, a ulangizi amatiletsa kubwereza mbewu pa chifukwa chomwechi. Chaka choyamba munda wonse umafanana ngati asilikali. Ukatenga za m'nkhokwe n'kudzalanso, china chachitali, china chachifupi, zitsononkho zosiyanasiyana, zokolola n'kutsika. Zobisika za makolo a mbewuyo zimatulukira.

Mayi_aTadala
Koma bambo, mwana wa munthu mukumufanizira ndi kalulu?

Mlimi_waThondwe
Sindinafune kunyoza amayi. Ndimati chilengedwe chimayenda mofanana.

Kabaza_waSadzi
Ndiye nkhuku zoyera za broiler zija zonse ndi zachialubino?

Mphunzitsi_waDomasi
@Kabaza_waSadzi ayi achimwene, ziyang'aneni m'maso, utoto ulimo. Kuyera kwa nthenga zake kumachokera ku langizo lina. Kalulu wa maso ofiira uja ndiye wachialubino, kufiirako ndi magazi a mkati mwa diso amene akuonekera poti palibe utoto wowaphimba.

Mayi_aTadala
Ine sindikutsutsa sukulu, koma agogo anga ankanena kuti mayi woyembekezera akaseka munthu wachialubino kapena kumuyang'anitsitsa, amabereka wotero. N'chifukwa chake ankatiuza kuti tikakumana naye tizilavula malovu m'malaya. Ndipo kwathu zinachitikadi kwa mayi wina.

Namwino_waMatawale
@Mayi_aTadala malangizo aja amakhazikika tsiku limene dzira lakumana ndi mbewu ya bambo, mayiyo asanadziwe n'komwe kuti waima. Chimene waona, wadya, waseka pa miyezi 9 imeneyo sichingalowe m'selo kukasintha. Mayi wa kwanuyo iye ndi amuna ake anali onyamula, basi. Anthu anangokumbukira za kusekazo mwana atabadwa kale. Amayi angati anaseka n'kubereka ana akuda, palibe amene anawawerenga.

Mwana_waChilwa
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndine wachialubino, mayi wa zaka 34, ndinabadwira cha ku Kachulu. Anthu olavula m'malaya ndakumana nawo moyo wanga wonse, m'minibasi, pachigayo, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Amayi a Tadala, sindikukwiyirani, munaphunzitsidwa. Koma dziwani kuti timaona. Maso athu ndi ofooka koma zimenezo timaziona.

Bambo a ku Thondwe, zimene mwanena ndi zoona ndipo ndamva kuti munanena ndi mtima wabwino. Koma pa ankhoswe achemwali atenge nyemba, akalulu awasiye. Takula tikuitanidwa napweri, mzungu dala, tikumva kuti sitifa timangosowa. Pamalo pamene anthu akukayika kale ngati mwanayo ndi munthu ngati iwo, musatchulepo chiweto.

Bambo anga anali msodzi, wakuda kwambiri, mayi anga chimodzimodzi. Tinabadwa asanu, achialubino awiri, ine ndi mlongo wanga. Bambo sanathawe, ndipo ndikamakula ndinazindikira kuti chimenecho n'chimene chinandipulumutsa. Amuna anga ndi akuda, ana athu atatu onse ndi akuda. Kuti mwana wanga akhale ngati ine pakanafunika kuti amuna anganso akhale onyamula. Lembani zimenezi achemwali, chifukwa wina adzanena kuti mtundu wonse uyera.

Tsono nkhani ya bambo wothawayo isakuiwalitseni mwanayo. Mdani wake woyamba ndi dzuwa. Utoto umene inu muli nawo ndi chishango, ife tilibe. Mlongo wanga ankapita kunyanja ndi bambo osavala chipewa. Anayamba ndi timawanga tokhakhala pakhosi ndi m'makutu, kenako chilonda pamwamba pa khutu chimene sichinkapola. Tinkathira mankhwala a zilonda wamba kwa chaka chathunthu. Pamene tinkafika naye kuchipatala inali khansa ya pakhungu ndipo inali italowa mkati. Anamwalira ali ndi zaka 29. Anthu amalankhula kwambiri za achiwembu, ndipo mantha amenewo ndi enieni, ine kuyambira 2014 sindiyenda ndekha kukada. Koma amene ndawaika m'manda ine anapita ndi dzuwa.

Mng'ono wanu akamapita kumunda asabereke mwanayo kumbuyo mutu uli pamtetete. Khosi, makutu ndi timapazi totuluka m'nsalu ndi zimene zimayamba kupsa. Kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 3 akhale pamthunzi. Zovala za manja aatali, nsalu yothithikana osati yoonekera, chipewa chachikulu chophimba makutu, osati kapusi. Ngakhale kuli mitambo ngati mmene kumachitira Zomba mu June, dzuwa limawotchabe, musanyengedwe ndi kuzizira.

Chachiwiri ndi maso. Ine ndinabwereza Sitandade 3 chifukwa ndinkakhala kumbuyo, pabolodi sindinkaona kanthu, aphunzitsi ankati ndine wamwano pokana kukopera. Mutu unali bwinobwino. Anabwera mphunzitsi wina amene anandiika kutsogolo n'kumandipatsa kope lake kuti ndikopere nditayandikitsa kumaso. Chaka chimenecho ndinakhala nambala 4. Lero ndili ndi shopu yanga ya zosoka, ulusi ndimalowetsa pa singano ndi kachida kolowetsera. Mwanayo adzaphunzira, mudzangomumenyera nkhondo ya mpando wa kutsogolo ndi mayeso a zilembo zikuluzikulu.

Mayi_aTadala
Achemwali, ndachita manyazi. Pepani. Pepaninso za mlongo wanu.

Mlimi_waThondwe
Ndamva amayi, za akalulu ndabweza.

NaBanda_Chikanda
@Mwana_waChilwa ndawerenga kawiri ndikugwetsa misozi. Dzulo lomweli mng'ono wanga anamukhazika padzuwa m'mawa, apongozi a mnzake anamuuza kuti akamuwamba pang'ono ada msanga. Ndamuimbira pompano.

Namwino_waMatawale
Asiyiretu zimenezo. Dzuwa silingamudetse, lingomuwotcha. Pa msinkhu umenewu chachikulu ndi mthunzi ndi zovala. Za mafuta oteteza ku dzuwa akafunse ku sikelo kuti ayambe liti, m'zipatala za boma amapereka ulere akakhala nawo. Katemera alandire yense monga mwana aliyense, kuyamwa chimodzimodzi, palibe chakudya chapadera. Afunsenso za bungwe la APAM, limene limaimira anthu achialubino m'dziko muno, kuti adziwane ndi makolo anzake.

Bambo_Mpondabwino
Zonsezi ndamva ndipo sindikutsutsa. Koma aphunzitsi yankheni ichi mosakondera. Mwati bambo wa mwanayo ndi wonyamula. Nanga ngati wonyamulayo ndi mwamuna wina?

Abiti_Chinamwali
Inu bambo, mtsikanayo munamugwira ndi ndani?

Mphunzitsi_waDomasi
Asiyeni afunse amayi, kuli bwino limveke pano kusiyana ndi kukadzidzimuka nalo Loweruka. Bambo, ndiyankha mosakondera. Khungu la mwanayu silikutsimikizira kuti bambo ake ndi mlamu uja. Silikusonyezanso ngakhale pang'ono kuti si iye. Funso lanulo likhoza kufunsidwa pa mwana wina aliyense wobadwa m'dziko muno. Ana awiri oyamba sanawakayikire. Chifukwa chokha chimene wapereka pa wachitatuyu ndi khungu, ndipo chifukwa chimenecho ndi chimene chagwa. Ngati ali ndi umboni wina autulutse pa ankhoswe. Ngati alibe, ndiye akuneneza mkazi wake chigololo popanda kanthu m'manja.

Ndipo ngati alipo amene akunong'ona kuti bambo ake ndi mzungu, auzeni kuti uzungu subweretsa chialubino: mwana wa mzungu ndi mayi wakuda kawirikawiri amabadwa wofiirira, tsitsi lakuda, maso abwinobwino. Mzungu utoto ali nawo, wochepa chabe, langizo lake limagwira. Azungu nawonso amabereka ana achialubino, amwenye chimodzimodzi.

Kabaza_waSadzi
DNA ndi yodula. Bwanji angoyezetsa gulu la magazi, mwana akafanana ndi bambo ndiye kuti ndi wake.

Namwino_waMatawale
Ayi ayi achimwene, njira imeneyo yapasula mabanja osalakwa. Mwana sayenera kufanana gulu ndi bambo ake. Bambo wa gulu A ndi mayi wa gulu B akhoza kubereka mwana wa A, wa B, wa AB kapena wa O, onsewo ake. O amabisala chimodzimodzi nyemba yoyera ija. Komanso kufanana gulu sikutsimikizira kanthu, anthu a gulu O ndi ochuluka zedi, theka la msika wa Zomba likhoza kukhala bambo wa mwanayo tikatero.

Matenda a sickle cell nawonso amayenda njira yomweyi. Makolo awiri athanzi, mwana n'kumadwaladwala, kutupa manja, kuchepa magazi, anthu n'kumati walodzedwa. Onse awiri anali onyamula. Chodabwitsa chake n'chakuti wonyamula langizo limodzi la sickle cell amatetezekako ku malungo aakulu, n'chifukwa chake lafala m'madera a malungo ngati kwathu kuno.

Mayi_waAtsikanaAnayi
Pepani ndikhotetsa pang'ono, koma nkhaniyi yandikhudza. Ine ndili ndi ana aakazi anayi. Apongozi anga amanena poyera kuti mimba yanga ndi ya atsikana okhaokha, mwana wawo akapeze wina womuberekera mnyamata. Aphunzitsi, kodi vuto lili mwa ine?

Mphunzitsi_waDomasi
Amayi, palibe vuto mwa wina aliyense, koma ngati akufuna kudziwa amene amasankha, si inu. Pa mitolo 46 ija, iwiri ndi imene imanena ngati mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Mkazi ali ndi X ndi X, mwamuna ali ndi X ndi Y. Dzira lanu lililonse limanyamula X, mulibe china choti mupereke. Mbewu za bambo zina zimanyamula X, zina Y. Ikayamba kufika ya X, mtsikana. Ya Y, mnyamata. Ndipo bamboyonso sasankha mwadala. Atsikana anayi otsatizana zimachitika pafupifupi m'banja limodzi mwa mabanja 16 a ana anayi.

Che_Songani
Nanga mapasa? Kwathu amati amatsata kuchimuna.

Mphunzitsi_waDomasi
Mapasa osafanana amabwera mayi akatulutsa mazira awiri mwezi umodzi, ndipo chizolowezi chimenecho chimayenda m'mtundu, koma chimaonekera mwa akazi. Mwamuna akhoza kupatsira mwana wake wamkazi, iyeyo n'kudzabereka mapasa. Ofanana ndi dzira limodzi logawikana pawiri. N'chifukwa chake mumatha kuona mapasa wina wakuda wina wachialubino, mimba imodzi, bambo mmodzi. Amenewo ndi mazira awiri, aliyense anatola nyemba zake.

Abiti_Chinamwali
Abale tabwererani kwa achemwali a ku Chikanda, Loweruka ndi mkuja.

Gogo_waMalosa
Ine funso langa ndi la pa nkhani yomweyi. Kale tinkakwatirana pachisuweni. Kodi si zimenezo zimabweretsa?

Namwino_waMatawale
Agogo, achibale akakwatirana mpata umakula, chifukwa onse akhoza kukhala atatengera langizo lomwelo kwa kholo limodzi. Koma si kuti pamafunika chibale. Apa wina ndi wa ku Jali, wina wa ku Songani. Onyamula ndi ambiri pakati pathu, ena tili pagulu pompano osadziwa.

WaZiwerengero_Ndola
Kuwonjezera pamenepo, kalembera wa 2018 amene anachititsa a National Statistical Office, likulu lawo lili konkuno ku Zomba, anapeza anthu achialubino 134,636 mwa anthu oposa 17.5 miliyoni. Ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 130. Kale tinkangomva kuti alipo 7,000 mpaka 10,000.

Mphunzitsi_waDomasi
Nambala imeneyo ndimaidziwa, ndipo ine pandekha ndimaiona kuti yakwera kwambiri. Pa sukulu ya ana 1,300 tikanamaona khumi. Ndimaganiza kuti ena poyankha anaphatikiza anthu oyera khungu chabe, kapena amene amatuluka mawanga oyera atakula, amene ndi matenda ena osiyana ndi chialubino.

WaZiwerengero_Ndola
Kapena simukuwaona pasukulu chifukwa ambiri sakufika ku sekondale, aphunzitsi. Mwamva nokha za Sitandade 3.

Mwana_waChilwa
Kaya ndife 10,000 kaya 134,000, mafuta akatha kuchipatala amatithera tonse. Koma pa mfundo ya sukuluyo bambo a ku Ndola akunena zoona. Anzanga amene ndinakula nawo ambiri analekera ku pulayimale, ena chifukwa cha bolodi, ena makolo ankaopa mtunda wa kusukulu. Achemwali, mukawauzenso akuluwo kuti mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, woyamba wachialubino m'dziko muno. Akulu akumudzi akamva za phungu amatchera khutu kuposa za maselo.

Bambo_Mpondabwino
Ine pa DNA sindinasinthe, ikanathetsa zonse. Koma ndavomera kuti khungu palokha si mlandu. Achemwali, langizo langa monga mwamuna: musakamuchititse manyazi mlamu wanu pagulu. Mukakamuuza kuti "ndiwe wadzetsa" adzauma khosi. Mukanene kuti nonse awiri munanyamula osadziwa. Mupatseni njira yobwererera.

Abiti_Chinamwali
Nanga manyazi amene wamuchititsa mkazi wake mudzi wonse, ali ndi mwana wa masabata atatu m'manja? Iyeyo njira anamupatsa?

Bambo_Mpondabwino
Sanamupatse, ndipo analakwa. Ine ndikunena za chimene chingathandize kuti ana atatuwo akhale ndi bambo.

NaBanda_Chikanda
Abale, ndabwerako. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa atsibweni kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Kuchimuna kunabwera nkhoswe yawo, amayi ake a mlamu, ndi mlamuyo. Makapu ndi nyemba ndinatenga. Poyamba nkhoswe yawo inakana, inati sitinabwerere masewera a ana. Atsibweni anati "tolani inuyo, kuti musati mwana wathu wachita matsenga". Anatola ka 20. Zoyera ziwiri zinatuluka ka 6, ndipo kawiri zinatuluka motsatizana. Mkuluyo anakhala chete akuyang'ana m'manja mwake, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti nyemba yoyerayi nanenso ndikhoza kukhala nayo?" Ndinati inde, ngakhale ine.

Sindinganame kuti zatha. Mlamu sanapepese ndipo sanabwerere kunyumba. Tsiku lonse analankhula kamodzi, anafunsa ngati mwana wotsatira adzakhalenso chonchi. Ndinamuyankha monga munandiuzira aphunzitsi, kuti mimba iliyonse imayamba payokha. Agwirizana kuti Lachitatu apite onse awiri ndi ankhoswe kuchipatala akamve kwa adokotala, poti ine akuti ndine mbali. Ndavomera. Amayi ake ndi amene anandidabwitsa. Pochoka anapempha kuti amunyamule mwanayo, koyamba chibadwire, ndipo anavula mpango wawo n'kumuphimba kumutu popita naye pakhonde.

Ndili ndi funso lina. Ndinaona kuti mwanayu akatuluka naye panja amatsinzina kwambiri, ndipo mng'ono wanga akuti nthawi zina timaso timayendayenda uku ndi uku. Kodi ndiye kuti adzakhala wosaona?

Namwino_waMatawale
Ayi achemwali. Utoto uja umathandizanso pomanga mkati mwa diso mwana ali m'mimba, ndiye ukasowa, malo amene amaona zinthu bwinobwino sakhwima mokwanira, ndipo kuwala kumalowa kochuluka. Kuyendayenda kwa maso kumayamba m'miyezi yoyamba, ndi mbali ya chialubino chomwecho. Lachitatulo akapemphe kuti awalembere kokaonana ndi a maso, ndipo azipita naye akamakula. Magalasi amathandiza ngakhale sakonza zonse.

Mwana_waChilwa
Anga amayendayenda mpaka lero, koma ine sindiona zinthu zikugwedezeka, amaona ndi amene akundiyang'ana. Nkhope ya munthu ndimaizindikira akayandikira, patali ndimamudziwa ndi mayendedwe ndi mawu. Mng'ono wanu akamayamwitsa azimuyandikitsa nkhope, ndipo asamugoneke moyang'ana pawindo. Akadzayamba kugwira zinthu adzaziika pafupi ndi mphuno, kapena kupendeketsa mutu poyang'ana, musadzamuletse, ndi mmene amapezera poonera bwino.

Zipewa za makanda zophimba makutu ndi khosi sizipezeka pamsika, ndimasoka ndekha. Mundiuze ku inbox kukula kwa mutu wake, muyeze ndi ulusi pamwamba pa makutu. Ndisoka ziwiri, china chokulirapo cha miyezi ikubwerayi, mudzatengere pa depoti Lachiwiri madzulo kuti Lachitatu apite atavala.